Mmene ndinasankhira diso lojambulira tchalitchi chathu

Ana anga inu, adzukulu inu, ndi inu amene mudakali m'mimba, tamverani, ee tamverani! Ine Naphiri, mai a Esinati, ndapuma pa ntchito ndipo ndakhala pansi ndi bolopeni. Zilembo zanga zimayenda motsimphina, sukulu ndinangoimva ikuimba kutali, koma mukapeza chilembo chagona mudzutse nokha. Za ubwana sindinena, unali ubwana wa mu komboni ngati wa wina aliyense.

Chaka chimene ndinalowa mu shedi, ku Darwendale

Ntchito yanga yoyamba inali yosankha fodya pa pulazi lina ku Darwendale. Atate anachoka ku Dedza wapansi, ine ndinabadwira kuno ku Zimbabwe, ndiye kwathu kunali kulikonse kumene kuli fodya. Foromani wathu anali a Laimoni, munthu wamfupi wa mawu aatali, akakuwa ku shedi nkhuku za ku komboni zinkathawira m'nyumba. Tsiku loyamba anandipatsa tsamba limodzi nati, "Iwe mwana wa a Phiri, ukuona chiyani?" Ine ndinati, "Fodya, bambo." Iwo anati, "Ndi mbuzi yomwe ikudziwa kuti ameneyu ndi fodya. Likweze ku kuwala!" Ndinalikweza ku zenera la padenga, ndipo taonani, mitsempha yonse mbee, timadontho tonse poyera, mtundu wa lemoni pawokha, wa orenji pawokha. "Tsopano nunkhiza." Ndinanunkhiza, ndipo pansi pa fungo la fodya panali kafungo kena kozizira, ngati bulangeti limene lagona m'bokosi nyengo yonse ya mvula. Anati, "Chimenecho ndi chuku. Tsamba limenelo likalowa mu belo, belo lonse alibweza ku okushoni, kumsika wa fodya, iweyo ubwerera kwa amako." Sindinabwerere kwa amayi, ayi ndithu sindinabwerere. Ndinasankha fodya mpaka zala zinada, mpaka mphuno yanga inatchuka, moti azimayi ankabwera ndi ufa wawo kuti ndiwanunkhizire.

Chaka chimene tinasamukira ku Karoi

Ndinakwatiwa ndi a Banda, oyendetsa thirakitala, ndipo Esinati ali kumsana tinakwera lole kupita pa pulazi lina ku Karoi. Kumeneko Akhristu tinkapemphera pansi pa mtengo, mvula ikabwera ameni ankabwera msanga. Tinapita kwa bwana kukapempha malo. Bwanayo anali wouma manja kwabasi, anayang'ana munda wake wonse ukulu wake umenewo, kenako natiloza kampata pakati pa mabalani owotchera fodya. Anati mangani pamenepo, sipamera kanthu. Tinamanga, ee tinamanga! Azimayi tinkaumba njerwa Loweruka masana tikuimba, azibambo ankawotcha, ngakhale apongozi anga amene anali a ku gule ndipo sanapondepo m'tchalitchi anasenza mitengo ya denga, akuti asaone mwana wawo akunyowa. Chinatuluka tchalitchi chaching'ono chokongola, mtanda pamwamba, mazenera awiri kutsogolo. Koma ukatuluka pakhomo n'kuyenda mapazi asanu ndi awiri, mphuno yako yagunda khoma la balani. Maukwati ankatuluka cham'mbali ngati nkhanu.

A Banda anali ndi kamera ya filimu, Lamulungu masana ankajambula anthu pa komboni. Ine ndinkawagwirira nsalu ya kumbuyo ndikuwalangiza kuti uyo waima pa mthunzi, uyo dzuwa lamudya nkhope. Ankati, "Mai a Esinati, kodi wojambula ndi ndani pano?" Koma ankasuntha munthuyo. Atamwalira ndi chifuwa, kamera inatsala m'sutikesi pamodzi ndi jekete lawo.

Chaka chimene mapulazi anagawidwa

Bwana anachoka, shedi inatsekedwa, pulazi linadulidwa zidutswa. Ife a mu komboni tinatsala pomwepo, nanga tikanapita kuti, ku Dedza kumene sindinakuonepo? Ntchito inasowa, sopo anasowa, shuga tinkangomutchula m'nkhani. Ndiye ndinatsegula sutikesi ija. Ndinayamba ndi makanda, popeza khanda silidandaula kuti mwandijambula moipa, kenako akwati, kenako zithunzi za zitupa. Anthu ankati, "Gogo wa kamera akubwera, pukutani mamina!" Filimu itasowa, Esinati, amene tsopano ankagwira ntchito pa fakitale ku Ruwa, anandipezera kamera yogwiritsidwapo kale, yoonetsa chithunzi kumbuyo nthawi yomweyo. Galasi la kutsogolo lija amalitcha lenzi, limachoka ukalipotoza, ine ndimati diso. Langa linali ndi nambala fifite, diso labwino pa nkhope ya munthu, lokoma ngati uchi. Zaka zinapita ndikudya za diso limenelo, osadziwa kuti lili ndi malire.

Chaka cha mabelo a bambo Moyo

Chigawo chimene chinali ndi mabalani chinapatsidwa kwa bambo Moyo. Sanali munthu woipa, ankatipatsa moni, maliro ankabwera. Koma chaka china fodya wake anachita bwino, shedi yakale inali itagwa denga, ndipo anayang'ana tchalitchi chathu ndi diso la munthu wofuna poika mabelo. Anauza a Mwale, mkulu wa mpingo wathu, kuti pa pepala lake nyumba zonse za pakati pa mabalani zinalembedwa kuti ndi mosungira katundu, ndiye mwezi ukatha mabenchi atuluke. A Mwale anavala tayi napita ku ofesi ya boma ku tauni. Anabwerako thukuta lili kamukamu. Anati, "Akuti ngati ndi nyumba yopempherera sadzaikhudza, koma tibweretse chithunzi chimodzi chosonyeza nyumba yonse, khomo, mtanda ndi ngodya zonse ziwiri. Anaphiri, Mulungu anakupatsani kamera chifukwa cha tsiku lino."

Ndinati zimenezo n'zochepa, ndajambula akwati onenepa kuposa pamenepa. Ndinaima pakhomo, ndinabwerera m'mbuyo, ndinabwerera, msana gu pa khoma la balani. Ndikayang'ana mu kamera, khomo lokha ndi theka la zenera. Ndikakweza, mtanda wokha ndi khwangwala. Ndinagona pansi, ndinakwera pa benchi, ndinapemphera, tchalitchi osalowa. Ndiye nzeru zinandibwerera. Ndinajambula zithunzi zisanu ndi chimodzi, ichi khomo, ichi ngodya, ichi denga, ndinakazitsukitsa ku Karoi, n'kuzimata pa katoni ndi phala la ufa woyera. Zitauma a Mwale anayang'ana nthawi yaitali. Anati, "Anaphiri, kodi khomo lachiwirili tinamanga liti?" Anapita nachobe ku ofesi. Anabwerako akuti mlembi anaseka mpaka anaitana anzake a chipinda china, ndipo anati chithunzi chikhale chimodzi, chopanda phala.

Mnyamata wotsuka zithunzi ku Karoi ndiye anandiuza kuti kuli maso ena oona motambalala, amagulitsa ku Harare. Masabata anatsala awiri. Ndinagulitsa mbuzi yanga imodzi yomwe ndinali nayo, ndipo ndinachita zimene timachita pobzala fodya. Ndinatenga chingwe, ndinayeza kutsogolo kwa tchalitchi kuchokera ngodya mpaka ngodya n'kumanga mfundo, ndinayezanso kuchokera pakhomo mpaka khoma la balani n'kumanga mfundo ina. Manambala ndikanaiwala m'basi, koma chingwe sichiiwala.

Ulendo wa ku Harare

Ndinagona kwa Esinati ku Ruwa, m'mawa tinakwera kombi. Sitolo ya makamera inali pamwamba pa masitepe, mwini wake bambo wadazi wolankhula Chishona chothamanga, magalasi ali ndandanda m'kabati ngati mabotolo a mankhwala. Anati, "Gogo, muri kutsvagei?" ndiye kuti mukufuna chiyani. Ndinati, "Mwanangu, langa ndi fifite ndipo landichepera. Ndipatseni la nambala yaikulu, thu handiredi kapena kuposa." Sanatsutse, analipotozera pa kamera yanga, lalitali ngati munsi, nati yang'anani panja. Ndinayang'ana pa zenera, maiwe! Khutu la munthu, khutu lokha, la bambo wina woima tsidya lina la msewu, ndi tsitsi la m'khutumo ndinaliwerenga. Ndinati, "Ndabwera kudzajambula nyumba ya Mulungu, osati makutu a anthu a ku Harare." Anaseka nati pa magalasi zinthu zimayenda chambuyo, nambala yaikulu imakoka chinthu chimodzi chakutali, nambala yaing'ono ndiyo imameza zambiri. Ndinati amene anayamba zimenezi sanagwirepo ntchito mu shedi.

Anatulutsa latsopano m'bokosi lake, lokongola ngati mkwatibwi. Nditamva mtengo wake ndinati libwezereni msanga lisazolowere manja anga, limenelo likufuna khola lonse. Anatulutsa lina lotsika mtengo, galasi lake lotukuka ngati diso la chule, nambala eyiti. Ndinati tiyeni panja tikaliyese. Anati yesani momwe muno. Ndinati ayi, ndabwera ndi tchalitchi changa m'chikwama. Tinatsika, ndinatambasula chingwe m'mbali mwa msewu kutsogolo kwa sitolo ya nsapato, Esinati anagwira uku, bambo wadazi anagwira uko, ine ndinabwerera mapazi anga asanu ndi awiri mpaka ndinatsamira galimoto ya eni ake. Anthu anaima. Wogulitsa nthochi anakuwa, "Gogo agula msewu, akuyeza poika nyumba!" Esinati anati, "Amayi, mukundichititsa manyazi, kuno anthu amandidziwa." Ndinati, "Gwira chingwe, iwe unabatizidwira mmenemo."

Ndi diso la chule lija onse awiri analowa, ndi msewu womwe, ndi mapazi anga omwe. Koma sitolo ya nsapato inatupa pakati ngati mtsuko, mzati wa magetsi unapindika ngati uta, Esinati anakhala ngati nthochi. Ndinati ndikapita ndi ili, ku ofesi akanena kuti timapemphera mu nkhokwe. Bambo uja anakwera natsika ndi lina, logwiritsidwapo kale koma lonyezimira, lodziyendera lokha ukadina, zii zii, chithunzi n'kuyera. Onse awiri analowa, mzati unaima chilili, ndipo mtengo wake unali mbuzi yanga ndendende. Esinati anati, "Basi amayi, ndi limeneli, tiyeni tikadye." Nanenso mtima unavina. Koma manja anga ali ndi chizolowezi chawo, chinthu sichilowa m'chikwama ndisanachikweze ku kuwala. Ndinalichotsa, ndinalilozetsa ku dzuwa cham'mbali, ndipo m'kati mwa galasi, cha m'mphepete, munali timaulusi toyera ngati nyumba ya kangaude. Ndinaika mphuno kumbuyo kwake. Bulangeti la m'bokosi!

Ndinati, "Mwanangu, diso ili lili ndi chuku." Anati, "Gogo, galasi silichita chuku, limenelo ndi fumbi." Ndinati, "Fumbi limakhala madontho, ichi chili ndi mizu. Nunkhizani." Anati iye sanunkhiza katundu wake pamsewu. Wa nthochi anati, "Nunkhizani mudhara, tonse tikudikira!" Ananunkhiza. Anayang'ana ku dzuwa, anapukuta ndi kansalu, anayang'ananso, timaulusi tili pomwepo popeza tinali m'kati. Kenako anati mwini wake wakale ankasunga m'chipinda chonyowa, ndipo kunena zoona chimakula, chaka chamawa zithunzi zidzakhala ngati wajambula mu utsi, mwinanso n'kulowa m'magalasi ena m'chikwama. Koma anati lero lijambula bwino, ndipo andichotserako mtengo.

Apa ndiye panali povuta, ana inu. Chithunzi ndinkachifuna sabata yomweyo, osati chaka chamawa, ndipo ndalama yotsalayo ikanandigulira kamwana ka mbuzi. Esinati anati tengani. Mimba inati tengani. Ndinaima pamsewu paja ndi diso lonyezimira m'manja, ndikuganiza za fifite wanga amene wandidyetsa zaka zonsezi, kuti ndikamugoneke chikwama chimodzi ndi wodwala. Ndinati ayi. Ndinati, "Mulibe lina, ngakhale loipa nkhope?" Anakanda dazi nati lilipo limene anthu amalikana. Analitulutsa pansi pa kabati, lakuda, utoto utasupuka, mkombero wake wopindika pamene linagwerapo, nambala thwelofu. Silidziyendera, umapotoza wekha ndi dzanja mpaka chithunzi chiyere. Ndinalikweza ku dzuwa, loyera ngati madzi a pa mjigo. Ndinanunkhiza, chitsulo chokhachokha. Pa chingwe onse awiri analowa, ndipo panatsala malo a munthu mmodzi mbali iyi ndi mbali iyo, mzati uli njo. Mtengo wake unadya mbuzi yonse, koma tinakwera kombi ndikuimba, Esinati akuyang'ana kunja ngati sakundidziwa.

Lamulungu lojambula

Titaweruka mapemphero mpingo wonse unaima kutsogolo. Ndinatsamira balani, ndinayang'ana, ndipo tchalitchi chonse chinalowa, chonse, ngodya ndi ngodya! Ndinaimba nthungululu ndekha. Koma mtanda unadukako pang'ono, ndiye ndinakweza kamera m'mwamba n'kudina. A Mwale atayang'ana anagwira kumutu. "Anaphiri, chikugwa chagada! Makoma akupita kukakumana kumwamba. Akaona ichi atitsekera kuti nyumba ndi yoopsa." Ndinayesanso, ndinaona kuti diso limeneli silifuna kuweramitsidwa kapena kukwezedwa, likufuna kuyang'ana molunjika ngati munthu wosalakwa. Ndiye wojambulayo ndi amene akwere. Dilamu linali kwa bambo Moyo okha. A Mwale anapita kukabwereka, ndipo bambo Moyo analigubuduza okha, akuti akufuna aone mmene gogo akwerere. Azimayi anayi anandikweza, chitenje ndamanga ngati wopita kukamenya nkhondo, ndipo pamwamba paja makoma anaongoka, mtanda unalowa ndi thambo lake.

Chithunzi chitaoneka kumbuyo kwa kamera panabuka nkhani ina. Mai Mwale, amene ndi owonda ngati bango chibadwire, anaima kumapeto kwenikweni, ndipo diso lija limakoka za m'mphepete, ndiye anatuluka ndi thupi, mapewa awa, chiuno ichi. Anayang'ana nati, "Ameneyu ndine? Anaphiri, munditsukire ziwiri, china nditumize kwa abale anga ku Ntcheu aone kuti ku Zimbabwe tikudya." Basi mpingo wonse unathamangira kumapeto, pakati panatsala a Mwale okha ndi Baibulo. Ndinakuwa ndili pa dilamu kuti amene akufuna kunenepa abwere Lachitatu, lero ndi la tchalitchi. Ndinawachotsa onse, ndinajambula nyumba yokha.

Tsiku limene bwana wa ku ofesi anabwera

Chithunzi chinapita, ndipo patapita masiku anabwera bwana wamkulu ndi galimoto kudzaona ndi maso. Ife tinali titasesa, titavala zoyera, bambo Moyo ataima poteropo manja m'thumba. Bwanayo anatsika, chithunzi chili m'manja, anatipatsa moni, anadutsa pakhomo pa tchalitchi osatembenuka, anazungulira mabalani onse, nabwerera. Anati, "Nanga tchalitchi chija chili kuti?" A Mwale anati, "Ndi chimenechi, bwana, mwatsamirachi." Anayang'ana chithunzi, anayang'ana nyumba. Pa chithunzi bwalo linali lalikulu lotha kuikapo msika, nyumba itatambalala ngati ya m'tauni. Pamaso pake panali kanyumba koti mbuzi ikathamanga yadutsa. Nkhope inasintha. Anati, "Mwandibweretsera chithunzi cha kwina. Kunamiza ofesi ndi mlandu. Wajambula ndani?"

Anthu onse anasuntha, ine ndinatsala poyera. Ndinati, "Ndine, mwanangu. Sindikuyankhani ndi mawu, kwerani pa dilamu." Anati chiyani? Ndinati kwerani, azimayi akuthandizani. Anayang'ana suti yake, anayang'ana ife, ndipo bambo Moyo ndi amene anati, "Kwerani shefu, bwana wathu, nanenso ndikufuna kudziwa kumene nyumba imeneyi imakulira." Anakwera, ndinamupatsa kamera, ndinamuuza kuti atsamire khoma ndipo asaweramitse. Anaika diso. Anachotsa. Anaikanso. Anachotsanso n'kuyang'ana nyumba ngati yamuchita matsenga. Kenako anayamba kuseka, anaseka dilamu likugwedera, azimayi atagwira miyendo ya thalauzi lake kuti boma lisagwe.

Atatsika analowa m'kati, anaona mabenchi amene anasalala ndi kukhalidwa, anaona njerwa zokhala ndi zala zathu, anafunsa kuti mumakwana bwanji. A Mwale anati ana amakhala pa mazenera. Anatulutsa pepala nalemba, nadinda chidindo pa boneti ya galimoto. Anauza bambo Moyo kuti iyi ndi nyumba yopempherera, mabelo apezere kwina. Bambo Moyo anapukusa mutu nati mmene aonera lero, mabelo ake sakanakwanamo n'komwe, nayenso chinamunamiza ndi mtanda. Ndiye bwana uja anatembenukira kwa ine. Anati, "Gogo, mu faelo yanga ndaika chithunzi ichi, ndipo wina akadzabwera pambuyo panga adzafuna nyumba yofanana nacho. Kumbuyo kuli malo. Ndalemba kuti mukhoza kukulitsa. Chonde musandisandutse wabodza."

Galimoto itapita, a Mwale anayang'ana chithunzi, anayang'ana nyumba, nati, "Anaphiri, mukanagula diso lomeza zocheperako pang'ono." Loweruka lomwelo tinakumba dothi. Ine ndapuma pa kujambula, maso atopa, koma chikombole ndimachigwirabe. Pamene ndikulemba pano tafika pa zenera lachitatu, ndipo a Mwale akuti kuti tifanane ndi chithunzi patsala mazenera ena anayi. Mukabwera pa holide mubwere ndi zovala zakutha.